Sefa ya Apongozi Anga

"Osati buledi yekha ayi," anatero anamwino tsiku limene anatiuza matenda a mwana wanga. "Ngakhale fumbi lenileni la fulawa lisam'fike pakamwa. Mwamva?"

Akuluakulu a m'banja tinalimo atatu m'kachipindamo: ine, mwamuna wanga ndi amayi ake. Tonse tinavomera kuti tamva. Koma mwamuna wanga maso anali pa wotchi, chifukwa thiraki imene amayendetsa inali itapakira kale katundu. Apongozi anga ankangomasula ndi kumanganso mpango wawo. Ine ndinkayang'ana timiyendo ta mwana tikulendewera pa benchi, toonda ngati timitengo ta machesi. M'mutu mwanga munangolowa mawu awiri: buledi ayi. Za fumbizo tinazisiya pa benchi pomwepo.

Mwana wangayo ndi wamkazi, wa zaka zitatu. Timam'tcha Kachala chifukwa chala chachikulu cha kumanja sichichoka m'kamwa mwake. Chiyambireni kudya zolimba, m'mimba mwake simunakhazikikepo. Ankatsekula pafupipafupi, mimba n'kufufuma ngati ng'oma pamene miyendo ikutha. Atamuyeza kuchipatala anapeza kuti ali ndi matenda otchedwa siliyaki. Anamwino anatifotokozera kuti mu tirigu, mu barele ndi mu mbewu ina yotchedwa rayi muli kanthu kotchedwa guluteni, komwe kamachititsa kuti fulawa wokanda azitamuka. Anthu ambiri amakadya popanda vuto. Koma thupi la Kachala likakumana nako limayesa kuti ndi mdani, n'kumadzivulaza lokha m'matumbo, moti chakudya chimangodutsa osagwira thupi. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kupewa tirigu moyo wake wonse.

Vuto linali lakuti ife timakhala m'nyumba ya apongozi, ndipo apongozi anga moyo wawo wonse ndi fulawa. Amaphika masikono ndi mabanzi n'kumagulitsira pa zenera la kukhitchini. Khitchiniyo ndi imodzi, yaing'ono. Pakona pali uvuni wachitsulo, pansi pa tebulo pali thumba la fulawa, ndipo pa msomali wa kuseri kwa chitseko pamakhala sefa yawo ya thabwa m'mbali, imene malemu amuna awo anawagulira chaka chimene anayamba kuphika. Sefa imeneyi saabwereketsa. Mneba akafuna amayankhidwa kuti, "Bwerekani nsapato zanga, koma iyi ayi."

Titafika kunyumba tsiku lija, apongozi anaika dzanja pachifuwa. "Ine ndalumbira. Mdzukulu wangayu sadzalawanso sikono ya m'manja mwanga, ngakhale kanyenyeswa."

Mwamuna wanga ananyamuka madzulo omwewo, ndipo ntchito yonse inanditsalira. Ndinachotsa katundu pa shelefu ya pakati n'kuisandutsa ya Kachala. Ndinaikapo mpunga, nyemba, mazira, mtedza, ufa wa mpunga ndi wa mapira. Ku golosale ndinkaima nthawi yaitali ndikuwerenga timawu tolembedwa kuseri kwa mapaketi, mpaka wogulitsa ankandiyang'ana ngati wakuba. Ndi mmene ndinadziwira kuti tirigu amabisala. Ndinam'peza mu supageti, mu soseji zina, mu supu wa m'mapaketi, ngakhale mu tokometsera ndiwo tina. Chimene sichinalembedwe bwino ndinkachibwezera pa shelefu.

Pang'ono ndi pang'ono ndinasiya kuyenda. Kulikonse kumene munthu ungapite kukacheza, choyamba kutuluka ndi tiyi ndi buledi, ndipo mwana amapatsidwa bisiketi usanakhale n'komwe pansi. Ukakana amati, "Kamodzi kokha kangatani? Ife tonse tinakula ndi zomwezi." Tsiku lina pa phwando la mwana wa mnzanga wa kusekondale ndinanyamula Kachala keke isanadulidwe, iye akulira pamsana, ine ndikulira kutsogolo. Kenaka ndinamva kuti akunena kuti ndimanyada, ati mwana wanga amadya za anthu olemera. Sanandiitanenso, inenso sindinafunse.

Mwamuna wanga ankaimba foni ali kutali, magalimoto akulira kumbuyo kwake.

"Kachala ali bwanji?"

"Chimodzimodzi. Dzulo watsekulanso."

"Ulimbe mtima, mayi a mwana. Amayi alipo, akuthandiza. Halo? Ukundimva?"

Ndisanayankhe, foni inkaduka.

M'nyumba ndinasanduka mlonda. Kachala akangosuntha pakamwa ndinkam'thamangira. "Tayasamula. Ukutafuna chiyani?" Wogula akafika pa zenera ndinkaimirira pakati pa iye ndi mwana. Apongozi anandipatsa dzina.

"Kachala, bisa mlomo, apolisi afika," ankatero akandimva ndikubwera. "Lero tonse tigona m'chitolokosi."

Ndinkangoyesa kuseka. Zoona zake, iwo ankathandiza mmene ankadziwira. M'mawa uliwonse ankandilanda ufa wa mpunga n'kundisefera okha. "Phala la mwana wodwala lisakhale ndi mibulu," ankatero. Kachala akayamba kuvuta, ankam'khazika pa kampando pafupi ndi tebulo, n'kum'dulira kachidutswa ka fulawa wokanda kuti aziumba mbalame. "Ichi n'choseweretsa, osadya," ankamuuza, ndipo mwanayo sankadya. Ine ndinkaona zonsezi. Maso anga anali pa mbale ndi pakamwa basi.

Miyezi inadutsa koma mwana sanasinthe. Tsitsi lake linali lofiirira, lopyapyala. Anzake akamathamangitsana panja, iye ankangokhala pakhomo, chala m'kamwa, kumawayang'ana ngati nkhalamba. Titapita kusikelo, anamwino aja anayang'ana muvi kawiri.

"Sanakwere, ndipo watsikako pang'ono," anatero. "Pali penapake pamene tirigu akulowera. Ulendo wotsatira akakhala chonchi, tim'goneka kuno."

Ndinabwerera wapansi, mwana ali kumsana, ndipo njira yonse ndinkangofunsa funso limodzi: ndani? Ine sindim'patsa. Bambo ake kulibe. Ndiye watsala ndani?

M'mawa mwake ndikuchokera kukaanika zovala, ndinapeza Kachala ali ndi zoyera pa mlomo wa m'munsi. Ndinam'pukuta ndi chala, n'kuyang'ana apongozi amene ankatulutsa thireyi mu uvuni.

"Amayi, mukum'patsa mobisa."

Anaika thireyi pansi pang'onopang'ono. "Mwati chiyani, mayi a Kachala?"

"Mukum'patsa masikono ine ndikatuluka. Mumam'mvera chisoni. Koma chisoni chanucho chim'pha."

Pa zenera panali makaniki wina amene amagula tsiku lililonse. Anachoka osadikira chenji.

"Ine ndinalumbira," anatero apongozi. Sanakweze mawu. "Ana anga ndinawalera ndi manja awa, palibe ndinamupha. Ngati sukulu yanu inakuphunzitsani kuti ndine mfiti, zikomo."

Kuyambira tsikulo tinasiya kulankhulana. Ankadyera kuchipinda kwawo, ine ndi mwana kwathu. Dzina la apolisi linatha, ndipo ndinalisowa. M'nyumba munkangomveka sefa ikugunda pa chikhatho chawo m'mawa, pha pha pha. Ngakhale zinali choncho, ndikalowa m'khitchini ndinkapeza ufa wa mpunga wa Kachala utasefedwa kale, uli m'mbale yake, wovundikira bwino.

Ndinapirira mpaka mphamvu zinatha. Tsiku lina ndinapita ndekha kuchipatala, si tsiku la sikelo ayi, n'kudikira mpaka mzere unatha. Nditangokhala pansi misozi inayamba ndisanalankhule. Anamwino anandisiya ndilire. Kenaka anafunsa kuti kunyumba kumakhala ndani ndipo amagwira ntchito yanji. Nditatchula za masikono anatsamira kumbuyo.

"Amaphikira khitchini yomweyo?"

"Eee. Koma Kachala ali ndi shelefu yake."

"Ndibwera m'mawa, nthawi imene amakanda. Musasese, musakonze chilichonse. Muzichita monga mwa masiku onse."

Anabweradi dzuwa litangotuluka. Apongozi anawalandira mwaulemu wouma. "Takulandirani. Apolisi aitanitsa akuluakulu awo, eti?"

Anamwino anaseka. "Sindinabwere kudzamanga munthu, amayi. Ndabwera kudzaphunzira masikono. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anatulutsa foni yawo yakuda, n'kuiika pa shelefu ya Kachala pambali pa kapu yake, kenaka anakhala pa mpando wa pakona. Apongozi anatapa fulawa n'kuyamba kusefa. Dzuwa linkalowa pa zenera, ndipo anamwino anandikodola kuti ndiime pamene iwo anali. Ndinayang'ana m'kuwalamo. Khitchini yonse inali ngati muli nkhungu. Fumbi loyera linkayandama, kutera pa tebulo, pa mapoto, pa tsitsi la mwana wanga. Ndakhala m'nyumba imeneyi chikwatiwireni, koma sindinaimepo pakona imeneyo.

Atatha kukanda n'kum'dulira Kachala kachidutswa kake, apongozi anagogoda sefa pa mwendo, anaiuzira kawiri, n'kutenga paketi ya ufa wa mpunga.

"Imani kaye, amayi," anatero anamwino. "Ndione sefayo."

Apongozi anazengereza, koma anaipereka. Anamwino anaitembenuza, n'kukanda ndi chikhadabo pamene waya amakumana ndi thabwa. Munatuluka fulawa wouma, wa zaka ndi zaka.

"Mumasefera iyi ufa wa mwana?"

"Tsiku lililonse. Ilibe inzake imeneyi. Ufa umatuluka wosalala ngati wa ku fakitale."

Anamwino anatembenukira kwa Kachala, yemwe anali pa kampando kake, mbalame yake ya fulawa ili m'manja. Tonse atatu tinamuyang'ana. Anaimika mbalameyo pa tebulo, anaiyang'ana mokhutira, kenaka analowetsa chala chake chachikulu m'kamwa, choyera mbuu.

Anamwino anatenga foni pa shelefu paja n'kuyendetsa chala pa galasi. Panatsala mzere wakuda pakati pa zoyera.

Apongozi anakhala pansi pa thumba la fulawa. "Ndiye kuti ndine," anatero. "Mayi a Kachala ananena zoona. Ndine ndikumudwalitsa."

"Si inu ayi, ndi fulawa," anatero anamwino. "Lumbiro lanu munalisunga, ndaona ndekha. Koma matumbo a mwanayu sasiyanitsa sikono ndi fumbi. Kochepa kamene diso silikaona kamakwana kum'vulaza."

Ndinafuna kunena kuti pepani, koma ndinangonyamula mwana n'kukam'sambitsa m'manja, mpaka m'zikhadabo.

Anamwino anatiphunzitsa tonse awiri pamodzi. Anati Kachala akhale ndi sefa yake, mthiko wake, thabwa lake lodulira ndi poto wake, chifukwa ziwiya za mtengo ndi za waya zimasunga fulawa ngakhale zitatsukidwa. Anati mafuta amene akazingira chinthu cha fulawa asakazingirenso chakudya chake, ndipo mpeni wodulira buledi usalowe mu majarini amene iye amadya. Ufa wake uzikhala m'chigoba chotseka. Tikafuna kugayitsa, tizifunsa kaye ngati chigayocho sichigayanso tirigu. Wogwira fulawa azisamba m'manja ndi sopo, n'kuvula epuloni, asanagwire mwana kapena chakudya chake.

"Nanga adya chiyani, zinthu zonse zaletsedwa?" anafunsa apongozi.

"Zaletsedwa ndi zochepa, amayi. Mpunga, chimanga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nyemba, mtedza, mazira, nsomba, nyama, mkaka, masamba, zipatso, zonsezi n'zake. Musinthesinthe kuti thupi lipeze zonse. Koma chovuta ndi ichi." Analoza m'mwamba. "Pamene pakusefedwa fulawa wambiri chonchi tsiku ndi tsiku, chakudya cha mwanayu sichingaphikidwepo."

Atachoka, apongozi anaotcha masikono amene anali atakanda kale, anagulitsa, kenaka anamanga thumba la fulawa ndi chingwe n'kulikokera ku shedi ya panja. Sefa nayo anakaisiya komweko. Anatseka zenera logulitsira. Tinatsuka khitchini yonse tili awiri, makoma, mashelefu, mpaka pamwamba pa chitseko, ndipo madzi ankatuluka oyera ngati mkaka. Ndikufinya nsanza ndinangoti, "Amayi, ndinakulakwirani."

"Finyani bwino, ikudontha," anayankha.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi. Poyamba kutsekula kunachepa, kenaka mimba inayamba kuphwa. Kachala anayamba kupempha chakudya yekha, chinthu chimene sanachitepo. Tsiku lina ndinam'funafuna pakhomo osam'peza, mpaka ndinamva mawu ake kuseri akulamula ana aakulu kuposa iye kuti aime pamzere. Titapita kusikelo muvi unakwera. Anamwino anam'tsina tsaya n'kunena kuti, "Tsopano pali pogwira." Za kugonekedwa sanazitchulenso.

Ndinaimbira mwamuna wanga ndili pa geti la chipatala. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinaima pamenepo ndi nkhani yabwino m'kamwa, wopanda woiuza. Ndipo ndinazindikira kuti munthu amene ndinkafuna kumuuza anali kunyumba.

Ndinawapeza atakhala m'khitchini, manja ali pa miyendo. Masiku onsewo ankadzukabe m'mamawa monga kale, n'kumakhala pa mpando moyang'anana ndi uvuni wozizira. Ogula ankagogoda pa zenera, iwo n'kuyankha ali m'kati kuti, "Kulibe." Makaniki uja anagogoda sabata yathunthu, kenaka anasiya. Kachala ankanenepa, agogo ake ankaonda.

Nditawauza za sikelo anamunyamula mwanayo n'kumuyesa kulemera m'manja. "Eee, walemera. Waba nyama zanga iwe."

Ndalemba izi chifukwa cha mayi wina amene mwina ali mmene ndinalili ine. Mwana akamatsekula kosalekeza, mimba ikufufuma, osakula, pitani naye kuchipatala. Musam'siyitse tirigu nokha asanayezedwe, chifukwa mukatero matendawa sangaoneke poyeza, komanso si aliyense ayenera kusiya tirigu. Koma akapezeka nawo, dziwani kuti kusiya buledi ndi chiyambi chabe. Yang'anani sefa, mthiko, mafuta, manja ndi fumbi. Zakudya zabwino zopanda tirigu zilipo zambiri, ndipo mwana amachira n'kukula ngati anzake. Musasenze nokha. Musanaloze munthu chala, itanani wa zaumoyo adzaone khitchini yanu, ndipo onse a m'nyumba amve limodzi. Ine ndinkalondera pakamwa pa mwana ndekhandekha, pamene tirigu ankadutsa pamaso panga.

Madzulo a tsiku la sikelo lija, tikudya mpunga ndi nyemba pa tebulo limodzi, apongozi anaika supuni pansi.

"Ndalankhula ndi mkulu wowotcherera zitsulo uja wa pafupi ndi siteji ya basi," anatero. "Kuseri kwa shopu yake kuli kachipinda, kali ndi zenera loyang'ana kumsewu. Uvuni ukalowa. Bedi laling'ono likalowanso."

"Bedi? Amayi, nyumba ino ndi yanu. Ngati pali wochoka ndi ine."

"Mupita kuti ndi mwana amene wangoyamba kumene kunenepa? Khalani. Ine ntchito yanga imayamba anthu ali m'tulo, sindingamayende mumdima tsiku lililonse ndi maondo awa. Ndipo manja awa akakhala osakanda, ndifa msanga." Anayang'ana Kachala, amene ankatola nyemba imodziimodzi. "Ndizibwera Loweruka ndi Lamulungu. Ndikasamba komweko, n'kusintha zovala. Apolisi adzandisecha pakhomo."

Ndinaseka, koma maso anadzaza misozi.

Anadzuka, n'kutulutsa kanthu m'chikwama chawo. Inali sefa yatsopano yachitsulo, pepala la mtengo likadali pomwepo. Anaikoleka pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

"Msomali usakhale wopanda kanthu. Iyi ndi ya Kachala. Loweruka tidzayesa masikono a ufa wa mpunga. Akadzalimba ngati miyala, tidzagendera agalu."

"Mudikire bambo ake abwere, akunyamulireni katundu."

"Ngolo ndaitana kale. Ndichoka kusanache, asanadzuke uyu. Akaona uvuni ukutuluka pakhomo alira, ndipo akalira ine sindipita." Anatola mbale yawo. "Mudzanditsegulire chitseko, mwanangu. Chimalira chikamatseguka, inu ndi amene mumachidziwa pochigwira."